Chithunzi chopanda nkhope cha ku Kapata

Mpaka lero mutu wanga sunabwerere m'malo mwake. Patsamba lino ndakhala ndikudandaula za maenje a mumsewu, za feteleza wofika mvula itapita, za makwaya oimba pamaliro ngati ali pampikisano. Koma sabata ino ndaona chinthu chimene chandiumitsa pakamwa. Ndipo chinayamba bwinobwino, ndi kuseka.

Mwana wamkazi wa mlongo wanga, Thokozani, anabwera kuchokera ku Lusaka kudzaona amayi ake. Ndi munthu wamkulu tsopano, ndipo amadya za kamera. Loweruka anandipeza pakhonde n'kunena kuti, "Amalume, tiyeni mukandiperekeze kumsika wa Kapata. Ndifuna kujambula tauni yathu ya Chipata mmene ilili, osati ija ya pakalendala."

Ine ndinathamangira kukavala jekete. Musandiseke. Ndinakulira m'nyumba ya mphunzitsi wa kumishoni, ndipo kwathu chithunzi chinali nkhani yaikulu. Unkasamba, n'kudzola mafuta mpaka chipumi kung'anima, kenako n'kupita ku situdiyo. Kumeneko ankakuimika pafupi ndi maluwa apulasitiki, dzanja lili pa telefoni yosalira, iwe utauma gwa. Bambo anga sanalolepo kujambulidwa opanda tayi. Ankati chithunzi chimafika kumene mwini wake sadzafika, ndiye chizipita chitavala.

Thokozani atandiona anaseka mpaka kugwira chitseko. "Amalume, mukupita ku ukwati? Vulani, anthu azitiyang'ana. Ntchito iyi imafuna munthu wosaoneka."

Ndinavula, tinanyamuka.

Tinafika ku Kapata dzuwa litapendeka, ndipo ndinene zoona, mwanayu ntchito amaidziwa. Anagwada m'fumbi pambali pa njinga ya wogulitsa makala, n'kujambula msika wonse kudzera m'masipoko. Anaima pamene amatsukira magalimoto, n'kuloza kamera pansi, pa madzi akuda aja amene ine ndimawadumpha ndikutukwana, ndipo m'madzimo munatuluka phiri lili chadodolido. Wanjinga wina atanyamula mayi ndi thumba la chimanga, iye anamutsatira ndi kamera pang'onopang'ono mpaka anadutsa. Pachithunzi wanjingayo anaoneka bwinobwino, koma mashopu onse kumbuyo kwake anasanduka mizeremizere, moti mukanati akuthamangira kuchipatala. Munthu amene ndinamuona ndi maso anga akupalasa mwaulesi, akutafuna nzimbe!

Koma luso limene ankanyadira kwambiri ndi ili. Kamera saikweza pamaso. Imalendewera pamimba, chala chili pabatani, iye akuyang'ana kwina, mwinanso akundifunsa ine za miyendo ya azakhali ake. Anthu akungodutsa, osadziwa kuti alowa kale m'kabokosi kaja.

"Mukaikweza pamaso, munthu amasintha," anandiuza. "Amakonza duku, amamwetulira zabodza, kapena amakutukwanani. Ikakhala apa, mumamupeza weniweni."

"Nanga osapempha?" ndinafunsa.

"Ndikafuna nkhope ndimapempha, amalume. Koma njira zilipo zambiri. Mujambule kumbuyo. Mujambule mapazi okha. Kapena muime moyang'anana ndi dzuwa, munthuyo atuluke wakuda bii ngati mthunzi. Popanda nkhope palibe munthu, ndiye palibenso mlandu."

Ndinagwedeza mutu. Zinamveka zanzeru, ndipo wonena wake anali atavala nsapato za ku Lusaka.

Chakumapeto anasankha malo pafupi ndi pamene msewu umakhotera, n'kuima chilili. Akuti chithunzi chabwino sachithamangitsa, amachidikirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinatero mumtima, ngakhale mawondo anga sankagwirizana nazo. Lole inadutsa n'kusiya fumbi m'mwamba, dzuwa linalowa m'fumbimo, msewu wonse unafiira. Pamenepo mayi wina anatuluka mumsika atasenza beseni la tomato wotsala, akuwoloka. Kamera sinalire n'komwe.

Thokozani anandionetsa akupuma ngati wathamanga. Mayiyo anatuluka wakuda yense, nkhope osaoneka, chitenje osadziwika mtundu. Dzanja lamanja linagwira beseni. Mkono wamanzere unali wopindika, chigongono chitatulukira kunja, chikhatho chitapindikira pachifuwa.

"Taonani mkonowo, amalume! Ngati akuvina. Mkonowo ndi umene wapanga chithunzi chonsechi."

Ndinavomereza. Chinali chokongola kuposa chithunzi chilichonse chimene ndinaonapo cha tauni ino. Madzulo omwewo anachiika patsamba lake la pa intaneti, pansi pake n'kulemba mawu awiri okha: Kapata, madzulo. Pofika Lamulungu anthu anali akuchitamanda mpaka ena a kunja kwa dziko.

Lachiwiri m'mawa kunyumba kwanga kunafika Amai Zulu, amene amapemphera limodzi ndi mkazi wanga m'gulu la amayi kumpingo kwathu. Amai Zulu ndi munthu amene moni wake umafika mpaka kwa nkhuku zako. Tsikulo anakana mpando.

"APhiri, mwana wa alongo anu uja ali kuti? Muitaneni."

Thokozani atafika, Amai Zulu anamupatsa foni. Pansi pa chithunzi chija, pakati pa mawu onse otamanda, panali mawu a mayi wina wa kutsidya la malire a pa Mwami. Analemba kuti: "Iii, si alamu athu awa? Kani anabisala ku Chipata! Mkonowo ndi wawo." M'munsi mwake anaitanira mchimwene wake kuti adzaone.

Mayi wa pachithunzi uja ndimutcha Nambewe, ngakhale si dzina lake. Anathawa kwa mwamuna wake chaka chatha, kuchokera kutsidya la malire, atagwira mwana wake wamkazi padzanja. Mkono uja sanabadwe nawo choncho. Mwamunayo anauthyola ndi mpini wa khasu, n'kumutsekera m'nyumba kuti anthu asaone, mpaka fupa linalumikizana lokha mokhota. Nthawi zonse akadandaula, ankhoswe ankamubweza, amvekere banja ndi kupirira. Atafika kuno, Amai Zulu anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, amayi a kumpingo anamuyambitsira tomato, mwana analowa sukulu. Pamsika ankadziwika ndi dzina lina. Amayi akamajambulitsa pambuyo pa mapemphero, iye ankapita kukatsuka mbale, ndipo ambiri ankayesa kuti ndi manyazi chabe.

Mwamunayo ndi wamalonda. Pa Mwami amadutsa ngati pakhomo pake.

"Dzulo masana munthu wafika kale pamsika," anatero Amai Zulu. "Akufunsa za mayi wa mkono wopindika wogulitsa tomato. Azimayi amukana kuti sakumudziwa, wina wamulozera kwina. Koma mukuganiza kuti azikana mpaka liti? Wina adzalankhula ndithu, osadziwa."

Ine ndinakhala pansi, pasitepe pomwepo. Thokozani anafufuta chithunzicho patsamba lake nthawi yomweyo. Koma madzi akatayika sawoleka. Ena anali atachikopera kale, chikuyenda m'mafoni.

"Koma nkhope sikuoneka, amai!" anatero, misozi ili m'maso. "Ndinaonetsetsa, sikuoneka ngakhale pang'ono!"

Amai Zulu anamufunsa kuti, "Mwanawe, amayi ako ukawaona kumbuyo ali patali, umadikira atembenuke kuti uwadziwe?"

Funso limeneli ndi limene landisowetsa mtendere sabata yonse. Chifukwa ndi zoona, abale anga. Ife kuno sitidziwana ndi nkhope yokha. Mkazi wanga amandidziwa ndi chifuwa ndisanatsegule geti. Mkulu wina wa mpingo wathu timamudziwa ndi kulira kwa tcheni cha njinga yake. Pali mphunzitsi wopuma amene tauni yonse ingamuloze ndi nkhongo yokha ali pakati pa anthu pamaliro. Timadziwana ndi kayendedwe, kasenzedwe, kamangidwe ka duku, phewa lotsika mbali imodzi. Tinakula tikuonana kumbuyo, pamzere wopita kudimba, pamzere wa kuchigayo, m'tchalitchi mmene umatha ulaliki wonse ukuyang'ana khosi la munthu wa patsogolo pako.

Lamulo lija loti popanda nkhope palibe munthu, sindikudziwa kumene linachokera. Mwina ndi m'mizinda ikuluikulu mmene woyandikana naye nyumba sumudziwa dzina. Kumeneko mthunzi ndi mthunzi basi. Koma kuno mthunzi uli ndi alamu ake, ndipo alamuwo ali ndi foni.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti luso lomwelo ndi limene linamupereka. Thokozani akanajambula masana, mwawamba, mayiyo akanasochera pakati pa zitenje, maambulera ndi milu ya kabichi. Koma dzuwa la kumbuyo lija linafufuta zonse n'kusiya chinthu chimodzi chokha choti diso ligwerepo. Linafufuta nkhope, imene akanatha kuiphimba ndi duku, n'kuonetsa mkono, umene sangaubise. Ndipo ife awiri tinaima pamsewu tikutamanda mkono umenewo kuti ukuvina! Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikakumbukira mmene ndinagwedezera mutu, thupi limachita tsembwe.

Musafulumire kumuloza chala Thokozani, inu amene mukuwerenga izi foni ili m'thumba. Iye ndiye analinso ndi lamulo lake, ngakhale linali lobooka. Nanga ife tili ndi lamulo lanji?

Pachitike ngozi pamsewu wopita ku Mwami, muone. Manja amene akanayamba kunyamula wovulala ali m'mwamba, akujambula. Mayi wa ku Kasenengwa amva za imfa ya mwana wake kudzera pa foni ya mnansi, nsapato yaonekera kunsi kwa chitenje chophimbira mtembo, uthenga weniweni usanafike. Pamaliro, wamasiye akugubuduka ndi chisoni, wina wamuimira pamutu kuti atenge bwino. Munthu waledzera wagona m'ngalande, mawa lake ana ake akusekedwa kusukulu. Ndipo tikafunsidwa timati, aaa, nkhope sinaoneke.

Palinso matenda ena amene ndimawatcha a "si uje uyu". Munthu akangoona chithunzi, zala zimamuyabwa kuti akhale woyamba kutchula dzina. Si uje uyu wa kwa uje? Si mkazi wa uje uyu? Timachita ngati pali mphotho. Koma mlamu uja ndiye wandidabwitsa kotheratu. Anauzindikira mkono. Kodi amene anaupinda sankamudziwa? Mayi mnzake, wa mikono iwiri yabwinobwino, n'kuitana mchimwene wake kuti bwerani, ndakupezerani. Ndakhala zaka zambiri padziko lino, koma mtima wotere sindikuumvetsa.

Wina andiuza kuti pamsewu ndi pa aliyense, wojambula ali ndi ufulu. Za malamulo sindidziwa zambiri, ndisaname. Chimene ndikudziwa n'chakuti ife ndife anthu a odi. Chitseko chingakhale chotsegula, mwini wake ukumuona ali pampando, umaimabe panja n'kunena kuti odi. Sunena chifukwa chakuti sungathe kulowa. Umanena kuti mwini nyumba apeze mpata wofunda chitenje, wobisa chimene safuna kuti uone, kapena wokuuza kuti bwerani mawa. Podutsa pamene anthu akhala timati zikomo. Ngakhale pamtsinje, mwamuna amafuula ali patali kuti osamba adziwe. Nanga kamera yokha ndi imene ilowe popanda odi, n'kutenga munthu wathunthu kupita naye kutsidya la malire?

Sindikunena kuti tibwerere ku maluwa apulasitiki. Ayi. Ine ndemwe ndimadandaula kuti ndilibe chithunzi cha msika wakale mmene unalili, kapena cha amayi anga akupeta, chifukwa zonse zimene tinasunga ndi za anthu ouma gwa atavala za Lamulungu. Adzukulu athu adzafuna kuona Kapata weniweni, fumbi ndi njinga zake. Phiri la m'madzi akuda lija ndikulifuna pakhoma panga. Agwade m'fumbi, ajambule m'masipoko, adikire dzuwa. Ngakhale kamera ya pamimbayo, chabwino, ngati ndi imene imagwira munthu asanayambe kunamizira.

Koma akatha kujambula? Mayi uja anali apo pomwe, tsidya la msewu. Kunali kungowoloka n'kunena kuti, "Amai, pepani, ndakujambulani. Onani. Ndisunge kapena ndifufute?" Ngati odi walephereka polowa, bwanji osamunena potuluka? Sitinawoloke. Tinali otanganidwa ndi kutamanda.

Lachiwiri lomwelo masana, Thokozani anaumirira kuti akapepese yekha. Amai Zulu anayamba akana, kenako anati tiyeni, mukaone ntchito ya manja anu.

Tinamupeza Nambewe akulongedza. Zinthu zake zonse zinakwana m'chikwama chimodzi chachikulu ndi m'beseni lija. Yunifolomu ya mwana inali pamwamba, yochapa, yopinda bwino. Amai Zulu anali atalankhula kale ndi anthu ena kutali ndi kuno, ndipo kumene akupita sanatiuze. Sitinafunsenso.

Thokozani anagwada pakhomo. "Amai, ndine ndinakujambulani. Sole kwambiri. Sindinadziwe."

Nambewe sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anapukuta dzanja pachitenje n'kunena kuti, "Tandionetseni. Anthu onse achiona, ine ndekha ndiye ayi."

Thokozani anatulutsa kamera, pakuti mmenemo chinali chikadalimo. Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"N'chokongola," anatero. "Kani ndimaoneka chonchi ndikamayenda."

Kenako anabweza kamerayo.

"Ndinakuonani tsiku lija, inu ndi abambowa, mutaima pokhota paja. Chinthuchi ndinachiona pamimba panu. Ndinaima kaye pageti la msika. Koma munkayang'ana kwina, mukucheza, ndiye ndinati sichikugwira ntchito, ndiwoloke. Mukanachikweza pamaso, ndikanabwerera mumsika mpaka muchoke. Chaka chonsechi ndakhala ndikuthawa makamera, achemwali, ndipo ndimatha. Yanu yokha ndi imene sinandipatse mpata."

Thokozani anafufuta chithunzicho mayiyo akuona, chithunzi chimene iye mwini anati sadzajambulanso china choposa. Nambewe anangogwedeza mutu n'kupitiriza kumanga chikwama, akukoka chingwe ndi dzanja limodzi ndi mano.

Ananyamuka tsiku lomwelo. Mwana wasiya sukulu pakati pa temu. Makasitomala amene anawapeza movutikira, kachipinda kaja, amayi amene anamulandira ngati m'bale, zonse zatsala. Akukayambanso, ndi dzina lachitatu.

Ndisanalembe nkhaniyi ndinapita kaye kwa Amai Zulu kukanena odi. Anati, "Lembani, aPhiri, wapita kale. Koma dzina musinthe, ndipo anthu amve." Ndiye ndalemba.

Lachisanu ndinadutsa ku Kapata. Pamene Nambewe ankayala tomato pali mayi wina wa anyezi. Ndinaima pokhota paja, lole inadutsa, fumbi linafiira chimodzimodzi. Ndinakumbukira bambo anga ndi tayi yawo, amene ndinkawaseka mumtima kuti ndi achikale. Chithunzi chimafika kumene mwini wake sadzafika, ankatero. Cha Nambewe chinakafika m'nyumba imene iye analumbira kuti sadzapondamonso, ndipo chinafika msanga kuposa mmene basi ikanafikira.

Tsopano tsegulani foni yanu, muyang'ane zimene mwajambula sabata ino. Munthu ali m'menemoyo, amene simunamuuze, amene mukuti nkhope yake sikuoneka, mukudziwa amene akumufunafuna?